Kabuku ka mapemphero a tsiku ndi tsiku: tikapange bwanji kuti kasathere pa tsiku la 9?

Mayi Admin: Moni nonse abale ndi alongo, ndipepeseretu uthengawu utalika. Chaka chino ndinayamba ndi moto, ndinagula kope latsopano la chikuto cholimba ndikulemba patsamba loyamba kuti 4 koloko mmawa uliwonse, ola lathunthu ndi Ambuye. Dzulo ndikusesa ndalipeza kopelo kuseri kwa bedi, lathera pa tsiku la 9, ndipo tsiku la 9 lakelo ndinangolemba deti basi, pansi pake pali kamzere kokhota komwe bolopeni inajambula ine ndikusinza. Vuto langa si loti sindifuna kupemphera ayi, koma ndikagwada sindidziwa poyambira, ndimangozungulira pa zinthu zitatu zomwezomwezo, ana, thanzi, ntchito, kenako maganizo athawira kwina, ndikamadzati Amen ndapanga kale bajeti ya mwezi wonse mmutu. Nde ndimaganiza kuti bwanji tipange kabuku kathu, kokhala ndi ndondomeko ya tsiku lililonse, koti munthu akatsegula apeze pogwira. Mutu umodzi susenza denga, tiyeni tithandizane maganizo.

Mnyamata wa Kwaya: Mama tsiku la 9 mwayesetsatu, ine langa linathera pa tsiku la 3 kkkk

Mlongo wa Moto: Ine ndinene mosabisa mawu, nkhani ya mapemphero olembalemba imandivuta. Pemphero ndi kucheza ndi Atate, kodi mwana akamayankhula ndi bambo ake amawerenga papepala? Yesu yemwe ananena pa Mateyu 6:7 kuti tisamabwerezebwereze mawu ngati anthu akunja. Ine ndaona anthu akulakatula mapemphero maso ali pawindo, pakamwa pakuyenda mtima uli kutali. Tisazimitse Mzimu ndi mapepala abale.

Mkulu wa Mpingo: Mlongo, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo tisaitaye, koma tiyeni vesi imeneyo tiiwerenge ndi zinzake zoyandikana nazo. Pa vesi 7 akuletsa kuchulutsa mawu opanda pake poganiza kuti Mulungu amva chifukwa cha kuchuluka kwake. Koma mukangotsika pa vesi 9 Iye mwini akupereka mawu, akuti pempherani chomwechi, Atate wathu wa Kumwamba. Pa Luka 11:1 wophunzira wina anachita kupempha kuti Ambuye tiphunzitseni kupemphera, ndipo sanamuyankhe kuti ingotsegula pakamwa zibwera zokha, anampatsa ndondomeko. Ku Getsemane, Mateyu 26:44 akuti anapemphera kachitatu ndi mawu omwewo. Pamtanda, pamene ululu unafika posaneneka, mawu amene anatuluka mkamwa mwake anali a Salimo 22 ndi Salimo 31, mapemphero olembedwa kalekale. Choncho choletsedwa si kulemba kapena kubwereza, choletsedwa ndi pakamwa popanda mtima. Ndipo zimenezo mlongo zimachitikanso kwa ife opemphera za mmutu, mungondimvetsera ine ndikamapempherera chakudya, mawu ake ndi omwewo chiyambire ndili mnyamata, sanalembedwe pena paliponse koma ana anga amatha kundimalizira.

Mlongo wa Moto: Kkkk a Mkulu mwandigwira pamenepo, inenso "Atate ndinu woyenera, palibe wofanana nanu" ndimamunena mwina ka 20 pemphero limodzi. Koma chonde pakhale malo oti munthu ayankhule za mumtima mwake, kasakhale kodzaza mpaka mmphepete.

Mayi Admin: Zimenezo ndalemba kale mlongo, malo opanda kanthu akhalapo ndithu.

Katekisiti: Ndilowepo pang'ono pa mbiri, chifukwa zomwe tikufuna kupangazi anthu akhala akulimbana nazo zaka zambirimbiri, tisavutike ngati ndife oyamba. Danieli ankagwada katatu pa tsiku mazenera otsegula kuloza ku Yerusalemu, Danieli 6:10. Salimo 55:17 imatchula madzulo, mmawa ndi masana. Petro ndi Yohane pa Machitidwe 3:1 ankapita ku Kachisi pa ora la kupemphera, lachisanu ndi chinayi, imene ndi 3 koloko masana mmawerengedwe athu. Kabuku kakale kwambiri ka Akhristu oyambirira kotchedwa Didache kamalangiza kunena pemphero la Ambuye katatu pa tsiku. Kenako mzaka za mma 500 Benedikito woyera analembera amonke ake lamulo, kupemphera kasanu ndi kawiri masana potsatira Salimo 119:164, kuphatikizapo kudzuka usiku, ndipo Masalimo onse 150 ankawamaliza sabata imodzi. Sabata imodzi abale!

Mnyamata wa Kwaya: A Katekisiti amenewo analibe mabwana owadikira 7:30

Katekisiti: Nde mfundo yanga ndi yomweyo achimwene. Mukaona mbiri yonse, anthu akhala akuchepetsa kuti munthu wamba akwanitse. Thomas Cranmer, bishopu wamkulu wa ku England, mu 1549 anatenga maora onse aja ndikuwaphatikiza kukhala awiri okha, pemphero la mmawa ndi la madzulo, Masalimo ndikuwagawa kuti azitha pa mwezi osati pa sabata, a Anglican akuyendabe pamenepo mpaka lero. Ifenso Akatolika pambuyo pa msonkhano wa Vatican II buku la mapemphero a maora linakonzedwanso, Masalimo anayalidwa pa masabata 4. Ndiye ngati ansembe ndi masisitere amene ntchito yawo ndi yomweyo anawapepukitsira katundu, ife tisadzisenzetse mtolo wa amonke.

Agogo Aphunzitsi: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, foni yanga imalemba pang'onopang'ono mundipirire. Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo chimene ndinaphunzira pa ma timetable ndi ichi, timetable yomwe mwalemba muli ndi mphamvu pa tsiku loyamba la teremu siigwira ntchito sabata yachisanu ndi chimodzi. Mayi Admin kope lanu linafa chifukwa munalilembera munthu wa pa 1 January, wogona bwino, wokhuta, wamoto. Munthu ameneyo amabwera kawiri kapena katatu pa chaka. Kabukuka mulembere munthu wotopa, yemwe mwana wamulirira usiku wonse, yemwe wakangana ndi mnzake ndipo sakufuna nkomwe kuona Baibulo. Ngati ameneyo angakwanitse tsamba la lero, ndiye kuti wamphamvu uja akwanitsanso ndipo awonjezera yekha. Mukayambira kwa wamphamvu, wotopa mwamutsekera kunja.

Mayi Admin: Agogo mwandilasa penipeni. Nde mukuti mphindi zingati?

Agogo Aphunzitsi: Khumi podzuka, zisanu pogona. Ofuna ola palibe awaletse.

Mlongo wa Moto: Mphindi 10 zokha?? Yesu anafunsa ophunzira kuti simukanatha kudikira ndi Ine ora limodzi kodi

Agogo Aphunzitsi: Anafunsadi mwana wanga, ndipo anawapeza ali mtulo katatu konse. Ife tikulembera ogonawo.

Namwino wa Usiku: Pepani ndalowa mochedwa ndinali pa ntchito. Ine pempho langa ndi limodzi, chonde musalembe kuti "pemphero la mmawa" ndi "pemphero la madzulo". Ine sabata zina mmawa wanga umayamba 4 koloko madzulo, ndipo ndimakagona anzanga akupita ku ntchito. Mabuku onse omwe ndayesapo amayamba ndi zikomo Ambuye potidzutsa dzuwa latuluka, ine ndikuwerenga zimenezo maso ali ofiira ndikuvula nsapato kuti ndigone, mapeto ake umangoona ngati bukulo si lako. Agogo anena bwino kuti podzuka ndi pogona, mawu amenewo akhale momwemo. Komanso mukaikemo Salimo 134, ndi mavesi atatu okha, imanena za atumiki oimirira usiku mnyumba ya Yehova. Tsiku lina cha mma 2 koloko usiku odwala onse atagona ndinaipeza mwangozi ndikuyang'ana ina, ndinakhala pa kampando ka pa kona paja timalembera malipoti ndikuiwerenga mwina kasanu, ndinaona ngati wina wandiwerengera nawo mgulu.

Mayi Admin: Asisi izi sindikanaziganiza ndekha olo pang'ono. Podzuka ndi Pogona, zatheka.

Wa Makompyuta: Ine ndithandiza kukonza masamba. Koma tigwirizane kaye chigoba cha tsamba limodzi, chikakhala bwino enawo ndi kungothira. Ndiponye maganizo anga: poyamba kamzere kamodzi kotsegulira komwe sikasintha, kenako Salimo, kenako ndime yaifupi ya Uthenga Wabwino, kenako mizere yopanda kanthu ya mlongo wathu uja, kenako kupempherera ena, kutseka ndi Atate wathu. Pogona zinthu zitatu basi, kuyang'ana mmbuyo tsiku lonse, kulapa, ndi vesi yogonera. Funso langa ndi la Masalimo, tiziyenda angati pa tsiku? Masamu ake ndi osavuta, 5 pa tsiku ndi masiku 30, imodzi pa tsiku ndi miyezi 5.

Mnyamata wa Kwaya: 5 pa tsiku ndinayesapo. Zimayenda bwino mpaka tsiku lomwe wakumana ndi 119, mavesi 176, ukuyang'ana wotchi ukuyang'ana tsamba kkkk ndinangotseka ndikuti Ambuye mukudziwa kale zomwe zalembedwamo

Mkulu wa Mpingo: 119 simuimeza yonse achimwene, inagawidwa kale ndi mwini wake. Ili ndi zigawo 22, chilichonse mavesi 8, motsatira zilembo 22 za Chihebri. Chigawo chimodzi pa tsiku chikwana. Zitalizitali zina monga 78, 89, 105, 106 ndi 107 tizidule pawiri kapena patatu. Tikatero tipeza masiku pafupifupi 180, ndiye kuti Masalimo onse kawiri pa chaka mosathamanga. Kwa ine zimenezo ndi zokwanira.

Wa Makompyuta: Nanga ofuna kumaliza Baibulo lonse pa chaka? Wina andifunsa ku inbox.

Mkulu wa Mpingo: Chimenecho ndi chinthu chabwino koma ndi china, tisaziphatikize. Mabuku 66 ali ndi machaputala 1,189, kugawa ndi masiku 365 ndi machaputala atatu ndi kanthu tsiku lililonse osaphonya. Ndondomeko zake zilipo kale, yodziwika ndi ya mbusa wa ku Scotland Robert Murray M'Cheyne ya mu 1842, pafupifupi machaputala 4 pa tsiku, Chipangano Chakale kamodzi, Chatsopano ndi Masalimo kawiri. Wofuna atenge imeneyo. Koma kuwerenga kuti umalize ndi kuwerenga kuti upemphere zimayenda liwiro losiyana. Mkabuku kathu ndime ikhale mavesi 5 mpaka 10, yoti uitafune. Tiyambe ndi Marko, ndi wamfupi, machaputala 16, ndipo sachedwa pa nkhani.

Katekisiti: Pa kutafunapo ndiwonjezere. Pali njira yakale yomwe timaitcha lectio divina, mmonke wina dzina lake Guigo mzaka za mma 1100 anaifotokoza ngati makwerero a masitepe anayi, kuwerenga, kusinkhasinkha, kupemphera, ndi kungokhala chete pamaso pa Mulungu. Mwachidule uwerenga ndime kawiri pang'onopang'ono, liwu lomwe lakukola uima nalo pomwepo, ulitembenuza kukhala pemphero, kenako utseka pakamwa. Sitifunika kulemba dzina lachilatinilo mkabuku, tingoika funso limodzi pansi pa ndime: ndi mawu ati akukola lero?

Mkulu wa Mpingo: Zikufanana ndi zomwe Martin Luther analembera womumeta tsitsi mu 1535. Wometayo, Peter, anamufunsa kuti kodi inu mumapemphera bwanji, ndipo Luther anamulembera kalata yaitali. Anati vesi iliyonse kapena lamulo lililonse aziliyang'ana kanayi, likundiphunzitsa chiyani, ndiyamike chiyani, ndilape chiyani, ndipemphe chiyani. Anamupatsanso chitsanzo cha ntchito yake yomwe, kuti wometa wabwino maso ake amakhala pa lumo, akamacheza ndi kuyang'ana kwina adula munthu. Chomwe chimandisangalatsa, ndipo mlongo wathu wa moto amve apa, anamuuzanso kuti ngati pakati pa ndondomekoyo Mzimu Woyera wayamba kukulalikira mumtima, siya ndondomeko umvetsere.

Mlongo wa Moto: Ameneyo nde ndagwirizana naye. Mawu amenewo alembedwe patsamba loyamba ndi zilembo zikuluzikulu, kuti Mzimu akayamba kuyankhula tseka kabuku.

Mayi Admin: Kkkk alembedwa mlongo. Tsono mafunso anayi a Luther kapena limodzi la a Katekisiti? Onse sangakwane pa mphindi 10.

Agogo Aphunzitsi: Limodzi patsamba, anayiwo mkati mwa chikuto kwa amene ali ndi nthawi. Mwana ukamufunsa mafunso anayi nthawi imodzi sayankha ngakhale limodzi.

Mnyamata wa Kwaya: Ine vuto langa lenileni ndi pa kupempherera ena. List imangokula, aliyense ukakumana naye "mundikumbukire mmapemphero", iwe "ndithu ndithu", pofika kunyumba waiwala, kapena ukawalemba onse umangowerenga maina ngati ukuitana rejisitala mkalasi.

Katekisiti: Agaweni pa masiku a sabata. Ndipo pali njira yokoma, pemphero la Ambuye lili ndi mapempho 7, masiku a sabata 7, tsiku lililonse pempho limodzi likhale mutu. Tsiku la "ufumu wanu udze" upempherera mpingo ndi ofalitsa uthenga ndi atsogoleri, tsiku la "mutipatse lero chakudya chathu" upempherera ntchito, osowa, odwala, tsiku la "mutikhululukire" ubweretsa anthu omwe ukusungira mangawa, ndi omwe iwe unawalakwira.

Mkulu wa Mpingo: A Katekisiti pepani, mapempho ndi 6.

Katekisiti: Ndi 7 a Mkulu, chiyambire Augustino woyera.

Mkulu wa Mpingo: Katekisimu yomwe ine ndinaloweza imati 6. "Musatitengere kokatiyesa koma mutipulumutse kwa woipayo" ife timawerenga ngati pempho limodzi, inu mumalidula pawiri.

Mnyamata wa Kwaya: Eeee zayambika, ndikatenge mpando

Katekisiti: Luther yemwe mwamutchula uja ankawerenganso 7 tu a Mkulu kkkk

Mkulu wa Mpingo: Pamenepo mwandipeza. Chabwino, tisakanganirane masamu, mawu ake ndi amodzi. Tichite chonchi, tsiku 1 likhale la mawu otsegulira, Atate wathu wa Kumwamba, longoyamika osapempha kanthu. Masiku 6 otsalawo mapempho monga ndimawerengera ine, ndipo pa tsiku lomalizalo a Katekisiti aike mizere iwiri, wa mayesero ndi wa kupulumutsidwa. Aliyense awerenga mmene anaphunzirira.

Katekisiti: Ndavomera, bola mizere iwiriyo ioneke bwinobwino.

Wa Makompyuta: Nde ndilembe Tsiku 1 mpaka Tsiku 7 osati Lolemba Lachiwiri, chifukwa pagulu pano tili ndi opembedza Loweruka ndi opembedza Lamulungu, aliyense ayambire pomwe akufuna. Zomwezi zandikumbutsa nkhani ya madeti. Tiike madeti pamasamba kapena ayi?

Namwino wa Usiku: AYI chonde. Madeti ndi omwe amapha. Ukaphonya masiku 4 umatsegula ndikupeza ngongole, nde umati ndibweza Loweruka, Loweruka ngongole yafika 6, kenako ukangoliona bukulo pa tebulo mtima umagunda ngati waona munthu yemwe unamukongola ndalama, umayamba kulizemba. Ndinali ndi app ina pafoni yowerenga masiku otsatizana, ndinafika 61, tsiku lina ntchito inachuluka ndinaiwala, mmawa ndikupeza 0. Ndinakhumudwa ngati Mulungu wafufuta zonse, chonsecho ndi kampani chabe yopanga ma app. Ndinakhala mwezi osapemphera bwino chifukwa cha ka zero kameneko.

Agogo Aphunzitsi: Manambala okha, opanda madeti, ndi kachingwe kosungira tsamba. Waphonya sabata, ubwerera pomwe pali kachingwe. Ndipo mulembe poyera kuti mkabuku muno mulibe kubweza.

Wongowerenga: Moni nonse. Ine sindinalembepo pagulu pano chilowereni, ndimangowerenga. Ndimafuna ndifunse ngati mkabukumo mukhale malo a munthu amene sakutha kupemphera nkomwe. Mwamuna wanga anatisiya chaka chatha. Miyezi yoyamba anthu ankanditumizira mavesi achigonjetso, kondwerani nthawi zonse, zonse zichitira ubwino, ndikudziwa ankafuna kundithandiza koma ndinkangozimitsa foni. Ndikagwada panalibe mawu, ndipo mabuku a mapemphero omwe ndinali nawo tsamba lililonse linali losangalala, ndinkaona ngati ndikunama pamaso pa Mulungu. Tsiku lina ndinatsegula Salimo 88. Ilibe mathero okoma, imangothera mumdima, munthu akufunsa Mulungu kuti mwanditayiranji. Ndinaiwerenga tsiku lililonse mwina milungu itatu, inali pemphero lokhalo lomwe ndinkatha kunena osachita manyazi. Nde ndimati musachotse Masalimo oterowo poganiza kuti afooketsa anthu. Pepani ndatalikitsa.

Mayi Admin: Mayi, pepani kwambiri, ndipo zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Simunatalikitse olo pang'ono. Kunena zoona ine mmutu mwanga ndinali nditayamba kale kusankha Masalimo okoma okhaokha, 23, 91, 103, 121, ndimati enawo tidumphe. Mwandibweza.

Mlongo wa Moto: Mayi anga ndikhululukireni, ine ndine mmodzi wa otumiza mavesi achigonjetso aja, osati kwa inu koma kwa ena, ndimaona ngati ndikuthandiza. Aroma 8:26 imati sitidziwa chomwe tizipempha monga tiyenera koma Mzimu atipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Ndimaikonda vesi imeneyi koma sindinaiganizepo kuti ikunenanso za munthu wongokhala chete akulira.

Mkulu wa Mpingo: Hana pa 1 Samueli 1 milomo yokha ndi yomwe inkagwedera, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Mayi, maganizo anga ndi akuti kumapeto kwa kabuku kukhale tsamba lapadera la masiku amene mawu palibe. Pasakhale ndondomeko pamenepo, pangokhala Masalimo ochepa, 13, 42, 88, 130, ndi timapemphero ta mzere umodzi tochokera mMalemba, monga ka wamsonkho uja pa Luka 18:13, Mulungu mundichitire chifundo ine wochimwa, kapena ka bambo wa mwana wodwala pa Marko 9:24, ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga. Munthu akanena kamodzi kokha, tsiku limenelo wapemphera. Ngati mungalole, inuyo ndi amene mutisankhire zoikapo.

Wongowerenga: Ndiyesa. Koma lisakhale kumapeto a Mkulu, munthu wosweka safufuza kumapeto kwa buku. Likhale koyambirira.

Wa Makompyuta: Tsamba 2, pambuyo pa mawu a mlongo aja. Ndasintha kale.

Mnyamata wa Kwaya: Funso lovuta pang'ono, nanga Masalimo otemberera aja? 109 ija, kapena mathero a 137 onena za makanda ndi thanthwe. Munthu wadzuka 5 koloko akufuna mawu olimbikitsa nkukumana ndi zimenezo osachenjezedwa mmmm

Katekisiti: Funso limeneli linavutanso akuluakulu. Mbuku lathu la mapemphero a maora la masiku ano Masalimo atatu, 58, 83 ndi 109, anawasiya kunja, ndi mavesi ena owawa mMasalimo ena anawadumpha. Mpaka lero alipo akatswiri omwe amati sanachite bwino.

Mkulu wa Mpingo: Ine ndili mbali ya oti asachotsedwe. Munthu amene walakwiridwa koopsa mkwiyo ali nawo kale, funso ndi loti aupititsa kuti. Masalimo amenewa amautengera kwa Mulungu ndikuusiya mmanja mwake, wolembayo sakutenga chikwanje, akuti Inu weruzani. Koma ndivomereze kuti kuwaponya osafotokoza ndi kulakwa. Paikidwe mizere iwiri pamwamba, kuti ili ndi pemphero la munthu woponderezedwa, 137 ndi ya anthu omwe anaona Yerusalemu akuwonongedwa ndi Ababulo ndikutengedwa ukapolo, ndipo ngati lero si lako lipempherere wina amene akuzunzidwa kwinakwake.

Agogo Aphunzitsi: Mizere iwiri a Mkulu, osati ulaliki. Ndikukudziwani.

Mkulu wa Mpingo: Kkkk agogo mudzachite kuyeza ndi rula.

Namwino wa Usiku: Za Pogona sitinazikambe bwino. Ine pofika pa bedi ubongo umakhala utazima, chinthu chautali sindingathe.

Katekisiti: Tibwereke kwa Ignasio wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha Ajezuiti. Iye ankalimbikitsa kuunika tsiku, ndiye tingakufupikitse kukhala mafunso awiri, lero ndaona kuti dzanja la Mulungu, ndipo ndi pati pomwe ndamuthawa. Uyamika pa loyamba, ulapa pa lachiwiri, osakumba mpaka kudzizunza ayi. Kenako vesi yogonera yosasintha yoti uiloweze ndikumainena magetsi atazima, Salimo 4:8 ya kugona mumtendere, kapena mawu a Simeoni pa Luka 2:29 omwe mpingo wakhala ukugonera zaka mazanamazana.

Namwino wa Usiku: 4:8 imeneyo. Yoloweza ndi yabwino chifukwa ukangoyatsa foni kuti uwerenge vesi, wapezeka uli pa Facebook mphindi 40.

Wa Makompyuta: Nchifukwa chake ine ndikuti chikhale cha papepala choyamba. PDF ndipanga yoti munthu asindikize pa A4 ndikupinda pakati, ya pafoni ibwera pambuyo kwa omwe alibe pochitira. China, mavesi sindilemba onse, ndingoika buku chaputala ndi vesi. Zifukwa ziwiri, mawu a Mabaibulo omasuliridwa ali ndi eni ake ndipo kukopera ndime zambirimbiri kumafuna chilolezo, komanso pano ena ali ndi Buku Lopatulika lomwe limati Yehova, ena Buku Loyera lomwe limati Chauta, ndikasankha limodzi tiyambanso nkhondo ya 6 ndi 7 ija. Aliyense atsegule lake.

Katekisiti: Muchenjezenso za manambala a Masalimo. Mabuku ena akale achikatolika amatsatira mawerengedwe a Chigriki ndi Chilatini, nde Masalimo ambiri amatsalira ndi imodzi, ya mbusa ija yomwe ambiri amati 23 kumeneko ndi 22. Manambala a mavesi nawonso nthawi zina amasiyana ndi imodzi. Muike mawu atatu oyambirira a Salimo pambali pa nambala kuti munthu adziwe kuti wafika pomwepo.

Mayi Admin: Abale ndangobwera kuchokera kogoneka ana ndapeza mauthenga 30, mwagwira ntchito. Nde tisalembe masiku 180 onse kaye, ndaphunzirapo pa kope langa lija. Tipange masiku 14 okha, tiyese tokha, aliyense adzanene moona mtima tsiku lomwe anaphonya ndi chomwe chinamulepheretsa, osadzikometsera. A Mkulu mugawe Masalimo ndi Marko, a Katekisiti mitu 7 ija ndi Pogona, mayi athu tsamba 2 mmene mungathere osadzikakamiza, mlongo wa moto mulembe kamzere kotsegulira, agogo mudule chilichonse chopitirira mphindi 10.

Mlongo wa Moto: Ine wotsutsa mapepala uja nde mwandipatsa zolemba kkkkk chabwino. Kamzere kamodzi eti? Ndiyesetsa koma mukudziwa ine ndikayamba

Agogo Aphunzitsi: Lumo ndanola kale mwana wanga.

Mnyamata wa Kwaya: Nanga ine ntchito yanga?

Mayi Admin: Inu ndinu woyesera achimwene. Mukadutsa tsiku la 3 mutiuze.

Namwino wa Usiku: Ine ndikulowa ntchito tsopano, fayilo ikatuluka wina anditagge chonde, mauthenga akachuluka sindimatha kubwerera mmbuyo. A Makompyuta zilembo zikhale zazikuluko, ndimawerenga ndi kuwala kochepa kuti ndisadzutse odwala.

Wa Makompyuta: Zilembo ndaika saizi 13, mukaona kuti yachepa munene. A Mkulu ndikudikira Masalimo a masiku 14 oyamba, tikuyamba ndi Salimo 1 kapena 3 poti ndi ya podzuka?

Mkulu wa Mpingo: Yambani ndi 1, tiziyenda mwa dongosolo. 3 ifika yokha tsiku lachitatu, tsiku lomwe mnyamata wathu amagwera.